Maina a Nyenyezi m'Dera la Whitechapel ndi Imfa ya Martha Tabram, 1888

1.0 Chiyambi

M'bandakucha wa pa 7 Ogasiti 1888, mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, bambo wina wogwira ntchito padoko, John Reeves, adapeza mtembo wa mayi pa makwerero a nyumba yotchedwa George Yard Buildings, m'dera la Whitechapel, kum'maŵa kwa mzinda wa London. Mayiyo anali Martha Tabram, wa zaka 39, ndipo dokotala Timothy Killeen adaŵerenga mabala 39 pa thupi lake. Pa 23 Ogasiti bwalo lofufuza za imfayi lidagamula kuti adaphedwa mwadala ndi munthu kapena anthu osadziŵika, ndipo chigamulo chimenechi sichidasinthe kufikira lero. Olemba mbiri amatsutsanabe ngati iye anali woyamba mwa amayi ophedwa ndi chigaŵenga chotchedwa Jack the Ripper.

Munthu woŵerenga za mlanduwu sachedwa kuona kuti liwu lachingerezi lakuti star, kutanthauza nyenyezi, likubwera kaŵirikaŵiri m'maina a m'deralo. Cholinga cha pepala lino ndi kufufuza chimene maina ameneŵa angathe kutiuza. Tiona kuti za wakupha satiuza kanthu, koma za anthu otsala amoyo akutiuza zambiri.

2.0 Maina ake

Maina amene tikambe ndi anayi:

(1) Star Place, kanjira kotuluka mu Star Street, kufupi ndi Commercial Road. Martha adakhalapo pa nambala 4 pamodzi ndi Henry Turner. Mwini nyumba, Mary Bousfield, adauza bwalo kuti aŵiriŵa adachoka ndi ngongole ya lendi patangotsala masabata oŵerengeka kuti Martha aphedwe.

(2) Seven Stars, nyumba ya moŵa imene inali mu Brick Lane, chapafupi ndi George Yard.

(3) Star and Garter, nyumba ya moŵa ya mu Whitechapel Road, kufupi ndi Buck's Row, pamene Mary Ann Nichols adaphedwera pa 31 Ogasiti 1888.

(4) The Star, nyuzipepala yotuluka madzulo, imene T.P. O'Connor adayambitsa mu Januwale 1888, ndipo idatchuka chifukwa cholemba za imfazi.

Kuŵaika maina anayiŵa pamzere umodzi chotere kumapatsa malingaliro akuti pali ulusi wina wobisika woŵalumikiza. Malingaliro a mtundu umenewu si achilendo pa nkhani ya Whitechapel. Buku la Stephen Knight la mu 1976, Jack the Ripper: The Final Solution, lidatanthauzira zizindikiro zosiyanasiyana ngati umboni wa chiŵembu cha gulu la Freemasons, ndipo ngakhale akatswiri a mbiri adalikana, lidaphunzitsa oŵerenga ambiri kufunafuna chinsinsi m'dzina lililonse.

3.0 Magwero a maina

Lamulo loyamba pa maphunziro a maina ndi lakuti dzina lifufuzidwe pa lokha, kuyambira pamene lidachokera, lisanafanizidwe ndi linzake.

Mu 1393 Mfumu Richard II idalamula kuti ogulitsa moŵa azipachika chizindikiro panja pa nyumba zawo. Popeza anthu ambiri sankadziŵa kuŵerenga, chizindikirocho chinkakhala chithunzi, ndipo nyumbayo inkatchedwa ndi dzina la chithunzicho. Nyenyezi inali chithunzi chosavuta kujambula ndiponso chosavuta kuzindikira. Kwa apaulendo achikhristu inkakumbutsanso nyenyezi ya ku Betelehemu. N'chifukwa chake nyumba za moŵa zotchedwa Star zimapezeka m'matauni ndi m'midzi ponseponse mu England.

Dzina la (3) silikunena za kumwamba konse. Likuchokera ku zizindikiro za Order of the Garter, gulu laulemu limene Mfumu Edward III idakhazikitsa cha m'ma 1348. Nyenyezi yake ndi baji yovala pachifuwa, imene idaonjezedwa m'nthaŵi ya Mfumu Charles I. Wogulitsa moŵa wosankha dzinali ankaonetsa kukhulupirika kwake ku ufumu.

Dzina la (2) nalo lili ndi mbiri yakeyake. Ena amaligwirizanitsa ndi gulu la nyenyezi limene ife timati Nsangwe, ndipo ena ndi nyenyezi zisanu ndi ziŵiri zotchulidwa m'buku la Chivumbulutso. Nyumba ina ya dzina lomweli, ya mu Carey Street, imanenedwa kuti ndi ya mu 1602, zaka 286 Martha asanaphedwe.

Motero m'mawu aŵa, ngakhale kalembedwe ndi katchulidwe n'kamodzi, matanthauzo ndi osiyana: nyenyezi yachipembedzo, nyenyezi yachifumu, nyenyezi zakumwamba, ndi nyenyezi ya wamalonda wofuna kuti pepala lake ligulidwe. Onse adalipo mlandu usanachitike.

Palinso vuto la kasankhidwe. Nyumba za moŵa zimene zimatchulidwa pa za usiku womaliza wa Martha ndi Two Brewers ndi White Swan. Mary Ann Nichols adaoneka akutuluka mu Frying Pan, ndipo dzina la Mary Jane Kelly limamveka pamodzi ndi Ten Bells ndi Britannia. Mwa zonsezi palibe ya nyenyezi. Wofufuza amene atola maina ogwirizana ndi ganizo lake, nasiya ena onse, amapeza chimene iye mwini adaikapo.

4.0 Pamene dzina lidavulaza munthu

Kulumikizana koona pakati pa nyenyezi ndi milanduyi kuli pa dzina la (4), ndipo si kwachinsinsi. Pa 5 Seputembala 1888 The Star idalemba nkhani ya munthu woopsa wodziŵika ndi dzina lopeka lakuti Leather Apron, kutanthauza epuloni yachikopa, nitsindika kuti anali Myuda. Chovala chotere chinali cha amisiri ambiri a m'deralo, ndipo ochuluka mwa iwo anali Ayuda osauka ochokera kum'maŵa kwa Ulaya. Dzina losaloza munthu mmodzi lidaloza mtundu wonse.

Pa 10 Seputembala apolisi adagwira John Pizer, wosoka nsapato, amene anali atabisala kwa abale ake poopa kuphedwa ndi gulu la anthu. Adapezeka wosalakwa: usiku umene Nichols adaphedwa iye anali ku Holloway, ndipo adacheza ndi wapolisi za moto umene unkayaka kudoko. Apa tikuona kuopsa kwa kutenga dzina ngati umboni.

5.0 Maina amene adasinthidwa

Ngati dzina silidabale mlandu, mlandu udakhudza maina. Mu 1892 Buck's Row idasanduka Durward Street, anthu okhalamo atadandaula za manyazi amene dzina lakale linkaŵabweretsera. Dorset Street, kumene Mary Jane Kelly adaphedwera pa 9 Novembala 1888, idakhala Duval Street mu 1904, ndipo George Yard idakhala Gunthorpe Street mu 1912.

Komabe tisafulumire kunena kuti kusintha kulikonse kudadza ndi imfazi. M'zaka zimenezo akuluakulu a mzinda ankachotsa maina obwerezedwa kuti makalata asamasokere, ndipo London inali ndi Star Street inanso ku Paddington. Star Street ya Martha idatchedwa Planet Street. Kwa wophunzira chilankhulo chitsanzo ichi n'chopatsa chidwi, pakuti liwu lidasintha koma tanthauzo lidatsala m'banja lomwelo la zakumwamba. Wofuna kufafaniza chikumbutso sasankha dzina lapachibale chotere.

Kusintha kwina kudayenda chobwerera. Mu 1976 eni ake a Ten Bells adaitcha The Jack the Ripper pofuna kukopa alendo. Magulu a amayi adatsutsa kuti wakupha akazi asalemekezedwe pa chikwangwani cha moŵa, ndipo mu 1988, patapita zaka 100 chichitikire imfazo, dzina lakale lidabwezedwa.

6.0 Mathero

Taona kuti maina a nyenyezi a ku Whitechapel ali ndi magwero osiyana, ndi kuti kukumana kwawo pa mlandu umodzi kudachitika chifukwa maina otere ndi ochuluka mu England. Umboni umene maina amapereka ndi wa manyazi a okhala mu Buck's Row, mantha a John Pizer, ndi mkwiyo wa amayi a mu 1988. Za Star Place, chimene zolembedwa za bwalo zikutsimikiza n'chakuti pa nambala 4 padakhala mayi wogulitsa timalonda ta mumsewu, amene adalephera kulipira lendi, nakathera m'nyumba yogona amphaŵi pa 19 George Street.