Njira za pa Phiri la Mulanje Anaziponda Ndani

Kale, adzukulu anga, munthu sankakwera phiri la Mulanje chifukwa chongofuna kukaona. Ankapitako mlenje, sing'anga wofuna mizu, ndi akuluakulu a mudzi mvula ikakana kugwa. Amenewa ankatenga ufa ndi mowa n'kukathira nsembe patsinde pa mtengo kapena m'mbali mwa dziwe, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Dziwe la Nkhalamba lija mumakasambako pa Khirisimasi, pamtsinje wa Likhubula, ife tinkalizemba. Agogo ankati pamiyala yake pamaoneka okalamba a imvi mbuu, ndipo ukati uyandikire supeza munthu.

Phirili linali ndi malamulo ake. Ukamayenda m'nkhalango n'kupeza nsima yofuka nthunzi kapena nthochi zakupsa pamalo opanda mudzi, eni phiri akupatsa. Udye wekha, osaitana mnzako, ndipo zotsala usamange pansalu kuti ukapatse ana kunyumba. Ukakumana ndi kamunthu kakafupi, ka uta m'manja, n'kukufunsa kuti "Mwandionera pati?", uyankhe kuti wakaonera kutali, poti kunena kuti pafupi n'kukanyoza msinkhu. Inu mukuseka, koma ife tinkamva zimenezi tsitsi likuimirira. Kunsonga ya Sapitwa kokha ndiye kunalibe n'komwe lamulo la kayendedwe, chifukwa kumeneko ndi kumudzi kwa mizimu, ndipo wamoyo analibe chokachitako.

Mwa mitundu imene ili kuno lero, oyamba kukhala m'dziko lino anali Amang'anja. Kenako kunafika Ayao, ndipo nthawi ya ukapolo magulu a anthu omangidwa m'magoli ankadutsa pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi kulowera kunyanja yamchere. Pampata pomwepo Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893 kuti atseke njirayo, ndipo zotsalira zake zikadalipo. Alhomwe anabwera pambuyo pake kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwa m'thangata la m'minda ya azungu. Mitundu itatuyi inasiyana zilankhulo ndi miyambo, koma pa za phiri panalibe wotsutsa mnzake.

Chimene chinatsegula phiri ndi mtengo. David Livingstone analiona mu 1859 n'kupitirira ulendo wake, koma mu 1891 Alexander Whyte anakwera n'kupeza mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiudya, umenenso sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Boma la atsamunda litaona phindu lake, mu 1927 linalengeza kuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo wocheka anayenera kukhala ndi chilolezo.

Apa mpamene anthu a kwathu kuno analowera. Ocheka ankakumba dzenje, n'kugoneka chipika pamwamba pake. Mmodzi ankaima pachipikapo, mnzake m'dzenje, sowo yaitali ikukwera ndi kutsika pakati pawo tsiku lonse, ndipo wapansiyo ankatuluka madzulo utuchi uli m'maso ndi m'makutu momwe. Ife anyamata ntchito yathu inali kusenza. Unkapota nkhata ya udzu, anzako n'kukutwika thabwa lalitali kuposa iwe kawiri, n'kuyamba kutsika wopanda nsapato, chifukwa phazi lopanda kanthu limagwira thanthwe lonyowa kuposa nsapato. Pokhota unkatembenuka thupi lonse, apo ayi thabwa ligunda mwala n'kukuponyera kuphompho. Fungo la mkungudza linkatsalira m'malaya ngakhale utachapa. Kuchokera ku Chambe, pamwamba pa phiri, kunalinso chingwe chachitsulo chotsitsira matabwa, n'chifukwa chake njira yotsetsereka ija mpaka lero amaitchula kuti Skyline. Alendo akamayamikira njira za paphiri, adziwe kuti zambiri anaziponda ndi anthu osenza matabwa, ndipo nyumba zogonamo zoyambirira anamangira antchito a zankhalango.

Mu 1984 Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko. Ulemu umenewo sunaupulumutse. Odula mozemba anachuluka, moto wa osaka mbewa ndi nyama unkapsereza timitengo tongomera kumene, ndipo akatswiri atayendera phiri mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Kunena mosapsatira, mantha a mizimu anasunga nkhalango ija zaka mazanamazana, pamene mapepala a chilolezo anaimaliza m'moyo wa munthu mmodzi. Ndikunena izi ine amene ndinasenza nawo. Masiku ano midzi yozungulira ili ndi nazale za mbande za mkungudza, ndipo akubzala ndithu, koma mtengowu sukula mothamanga.

Za Napolo mwamva. Makolo ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chikamasamuka chimagumula nthaka. Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika ku Michesi n'kukwirira anthu mazanamazana ku Phalombe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anachitanso zomwezo mbali zingapo za phiri. Ophunzira amati nthaka ikakhuta madzi pathanthwe lotsetsereka imatereka, makamaka pamene mitengo inatha. Ine sindikangana nawo. Zipsera zake mukuziona nokha mukayang'ana kumtunda.

Nanga n'chiyani chimene anthu amachokera ku Lilongwe, ku Ulaya ndi ku America kudzafuna? Mukadzakwera mudzamvetsa. Mumayambira pa Likhubula, kulembetsa ku ofesi ya zankhalango, n'kutenga wotsogolera ndi wonyamula katundu. Njira ya Chapaluka imatsata mtsinje, pamene Skyline ndi yachidule koma imawawitsa mawondo. Mukangotulukira pamwamba, dziko limasintha: chigwa cha udzu chotambalala, timitsinje tozizira toti mano kuwawa, ndi khoma la Chambe lili njo, limene okwera ndi zingwe amalitama kuti ndi limodzi mwa makoma aatali kwambiri mu Africa. Nyumba zogona zilipo ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi kwina, iliyonse ndi mlonda wake wokupatsani nkhuni ndi madzi. M'mawa mitambo imakhala pansi panu, ndipo ikang'ambika mumaona minda ya tiyi, nyanja ya Chilwa ndi mapiri a ku Mozambique.

Opita ku Sapitwa amagona pa Chisepo n'kulawira mbandakucha. Nsongayo ndi yotalika mamita 3,002, ndipo kulibe ina yoiposa m'Malawi. Malo ena mumakwawa pansi pa miyala, ena mumakwera ndi manja. Choopsa ndi chiperoni. Kumacha bwinobwino, kenako nkhungu n'kutseka moti mnzako ali apa sumuona, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womutsogolera n'kupitirira yekha. Thupi lake analipeza patapita pafupifupi masabata atatu.

Zidzukulu za osenza matabwa ndi zimene lero zikunyamula zikwama za alendo, ndipo chaka chilichonse zimapikisana pa liwiro la Porters Race, kukwera ndi kutsika pa maola awiri ndi mphindi zingapo mtunda umene mlendo amayenda tsiku lathunthu. Atsikana nawonso amathamanga, zimene agogo anga sakanakhulupirira.

Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Nditamva pawailesi ndinkayesa kuti atama kutalika kwake kapena mkungudza. Chimene anatchula kwambiri ndi mizimu ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, zomwe zija tili anyamata ankatiuza kutchalitchi kuti n'zachikunja.