Malipiro a Oyendetsa Ndege ndi Zokambirana Zawo ndi Makampani

Boma la Mangochi lilibe bwalo lalikulu la ndege. Mabwalo omwe alipo, monga la ku Makokola ndi la ku Monkey Bay, ndi ang'onoang'ono ndipo pamatera ndege zazing'ono zochita kubwereka. Komabe gawo lina la ndalama zomwe zimazungulira m'mbali mwa nyanja limabwera ndi anthu omwe amatsikira pa bwalo la ndege la Chileka ku Blantyre kapena la Kamuzu ku Lumbadzi, nakwera galimoto kupita ku Nkopola, ku Cape Maclear ndi ku Lake Malawi National Park, malo omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 1984. Msodzi wogulitsa chambo ku malo ogona alendo, mlimi woperekako tomato ndi anyezi, wosema ziboliboli komanso mwini boti lotengera alendo ku zilumba, onsewa amadyera mwa mlendo yemwe wabwera pa ndege. Asilamu a m'bomali opita ku Haji amadaliranso ndege, chimodzimodzi amalonda ena okapikula katundu ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, ngakhale kuti ambiri opita ku Joni amakwera basi. Choncho oyendetsa ndege akasemphana ndi mabwana awo pa nkhani ya malipiro, ndege n'kuima, ululu wake umakafika ndi kunyanja komwe.

Chifukwa chiyani amayembekezera malipiro okwera?

Anthu ambiri akamva kuti oyendetsa ndege akufuna kuwonjezeredwa malipiro amadabwa, poona kuti ndi anthu olandira kale bwino poyerekeza ndi mphunzitsi kapena namwino. Kudabwako n'komveka. Koma ntchitoyi ili ndi zinthu zake zomwe zimakweza mtengo.

Choyamba ndi ndalama zophunzirira. Malinga ndi miyezo ya bungwe loona za maulendo a pandege pa dziko lonse la ICAO, munthu wofuna chiphaso choyendetsera ndege pa malipiro amayenera kuuluka maola 200, kapena 150 ngati wadzera m'sukulu yovomerezeka ya maphunziro onse pamodzi. Kuti akhale ndi chiphaso chachikulu chomuyenereza kukhala kaputeni wa ndege yonyamula anthu ambiri, pamafunika maola 1,500. Ola lililonse lophunzira limalipiridwa, ndipo Amalawi ambiri amakaphunzira kunja, monga ku South Africa kapena ku Ethiopia, komwe salipira m'makwacha. Akamaliza amafunikanso maphunziro apadera a mtundu wa ndege yomwe akayendetse, pakuti wodziwa Dash 8 Q400 sangangokwera Boeing 737 n'kunyamuka nayo. Kampani ikamulipirira maphunziro oterewa, kawirikawiri imamusainitsa kuti agwire ntchito zaka zingapo asanachoke, ndipo akachoka msanga amabweza ndalamazo.

Chachiwiri n'chakuti ntchitoyi itha kutha tsiku lina lililonse. Woyendetsa ndege amapimidwa ndi dokotala chaka ndi chaka, ndipo akakwanitsa zaka 60 amapimidwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Vuto la mtima, la maso kapena la makutu likapezeka, chiphaso chimaimitsidwa. Pa maulendo opita maiko ena, ICAO idaika malire a zaka 65. Mlimi wa zaka 70 angathe kupitiriza kulima munda wake, koma woyendetsa ndege wa msinkhu umenewo sangathenso kunyamula anthu kupita nawo kunja.

Koma chomwe chimavutitsa kwambiri makampani a m'maiko ngati Malawi ndi chakuti luso la woyendetsa ndege limagulitsika paliponse. Boeing 737 ya ku Lilongwe ndi yofanana ndi ya ku Nairobi kapena ku Dubai, ndipo chiyankhulo cha pa wailesi ya ndege pa maulendo a pakati pa maiko ndi Chingerezi. Kaputeni wa ku Malawi akamawerengera malipiro ake sayerekeza ndi a mkulu wa ku Capital Hill ayi, amayerekeza ndi a mnzake yemwe adaphunzira naye limodzi koma tsopano akulandira madola. Kwacha idatsika mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022, n'kutsikanso ndi magawo 44 mu Novembala 2023. Munthu wolandira makwacha adangoona malipiro ake atachepa akawasinthira ku madola, ntchito ili yomweyo. Kampani nayo idapanikizika mbali ina, chifukwa matikiti ogulitsidwa m'dziko muno amabweretsa makwacha pomwe zipangizo za ndege, inshuwalansi ndi lendi ya ndege zimafuna ndalama zakunja. Wamalonda wa pa msika wa Mangochi yemwe amapikula katundu m'marandi n'kumagulitsa m'makwacha akulidziwa bwino vutoli.

Zomwe zidachitikira Air Malawi

Kampani ya Air Malawi idayamba m'chaka cha 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo idaima payokha mu 1967. Itamira m'ngongole, boma lidaganiza zoithetsa kumapeto kwa 2012 ndipo idasiya kuuluka kumayambiriro kwa 2013. M'malo mwake mudabwera Malawian Airlines, yomwe tsopano ikutchedwa Malawi Airlines. Idakhazikitsidwa mu 2013 boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines ili ndi magawo 49, n'kuyamba maulendo pa 31 Januwale 2014. Ndi pa kampani imeneyi pomwe Yolanda Kaunda adakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni.

Mbiriyi ndi yofunika kwa mbali zonse ziwiri zikakhala pa zokambirana. Kampani yaing'ono ya ndege zowerengeka siingapirire kuima masabata angapo, ndipo ikagwa ogwira ntchito ndiwo amayamba kuvutika. Komanso kampani yotereyi ikataya akaputeni awiri kapena atatu nthawi imodzi, maulendo amasokonekera, pakuti kaputeni sapezeka lero ndi lero.

Zomwe zimakambidwa

Ngakhale nkhani yomwe imamveka pa wailesi imakhala ya malipiro a pamwezi, mgwirizano wa oyendetsa ndege umakhala ndi zambiri. Mumakhala ndalama za ola lililonse lomwe wauluka, alawansi yogonera kunja, inshuwalansi yomuteteza akalandidwa chiphaso chifukwa cha matenda, ndi penshoni, yomwe m'dziko muno lamulo limati bwana aziikako magawo osachepera 10 pa 100 alionse a malipiro ndipo wantchito aziikako magawo 5. Mumakhalanso dongosolo la kukwezedwa pa udindo, lomwe m'makampani ambiri limatsata yemwe adayamba ntchito poyamba. N'chifukwa chake woyendetsa ndege yemwe wakhalitsa amavutika kuchoka: akapita kwina amakayambiranso kumunsi kwa mndandanda.

Nkhani ina yomwe imautsa mkangano ndi ndandanda ya maulendo ndi nthawi yopuma. Maiko amaika malire a maola ouluka. Ku Ulaya, mwachitsanzo, ndi maola 100 pa masiku 28 ndi maola 900 pa chaka. Kampani imafuna kuwagwiritsa ntchito mpaka kufika pafupi ndi malirewo, pomwe oyendetsa ndege amafuna kudziwiratu masiku omwe akhale pakhomo. Apa wokwera ndege ali ndi chifukwa chokhalira mbali ya woyendetsa, popeza palibe yemwe angafune kunyamulidwa ndi munthu wosagona. Malire oterewa sali m'manja mwa mabwana kapena bungwe la apantchito. M'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la Civil Aviation Authority, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la za maulendo a pandege la m'chaka cha 2017, ndipo mgwirizano ungathe kungowonjezera nthawi yopuma, osati kuichepetsa.

Zomwe malamulo a dziko lino akunena

Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woyambitsa kapena kulowa bungwe la anthu apantchito, komanso wosalowa ngati sakufuna. Ndondomeko yake ili m'lamulo la Labour Relations Act la m'chaka cha 1996, ndipo ndi imodzi kwa woyendetsa ndege, wogwira ntchito pa sitima ya Ilala ku Monkey Bay ndi wophika pa malo ogona alendo ku Nkopola. Bungwe likakhala ndi mamembala osachepera magawo 20 pa 100 alionse a anthu omwe likufuna kuwaimira pa kampani, bwana amayenera kukhala nalo pansi, ndipo mbali zonse zimayenera kukambirana ndi mtima wofunadi kugwirizana.

Zokambirana zikakanika, nkhani imakatulidwa kwa Mlembi Wamkulu woona za ntchito, ndipo pamakhala masiku 21 oti mkhalapakati ayese kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Pokhapokha izi zitalephereka ndi pamene antchito angapereke chidziwitso cha masiku asanu ndi awiri chakuti anyanyala ntchito. Mikangano yokhudza tanthauzo la lamulo kapena la mgwirizano womwe ulipo kale imapita ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamuloli n'kulola mabwana kudula malipiro a wantchito yemwe wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka, kusintha komwe bungwe la Malawi Congress of Trade Unions lidakutsutsa.

Lamulo silola sitiraka pa ntchito zomwe zikaima zingaike pachiswe moyo, thanzi kapena chitetezo cha anthu. Bungwe la ILO, lomwe pangano lake lokhudza kukambirana za malipiro Malawi idalivomereza mu 1965, limaika oongolera ndege ali pansi m'gulu limeneli, koma osati oyendetsa ndege.

Zitsanzo za kwa anzathu

Pa 5 Novembala 2022 oyendetsa ndege a Kenya Airways, motsogozedwa ndi bungwe lawo la KALPA, adanyanyala ntchito. Mwa madandaulo awo mudali ndalama za penshoni zomwe kampani idasiya kupereka panthawi ya mliri wa Covid-19. Anthu zikwizikwi adasowa mtengo wogwira pa bwalo la Jomo Kenyatta ku Nairobi, lomwe ndi limodzi mwa makomo omwe alendo obwera ku Malawi amadzera, ndipo sitirakayo idatha patapita masiku anayi bwalo la milandu litalamula kuti abwerere ku ntchito. Mu Disembala 2024 oyendetsa ndege a South African Airways nawonso adanyanyala kwa masiku ochepa pa nkhani ya malipiro. Ku America, oyendetsa ndege a Delta adavomereza mu Malichi 2023 mgwirizano wokweza malipiro awo ndi magawo 34 pa 100 alionse m'zaka zinayi popanda sitiraka, ndipo makampani ena akuluakulu a m'dzikolo adatsatira. Ziwerengero zoterezi zimawerengedwa ndi oyendetsa ndege a kuno komwe.

Kwa eni malo ogona alendo, amalonda ndi otsogolera maulendo a Haji, gawo la lamulo lowathandiza kwambiri ndi la masiku asanu ndi awiri aja. Chidziwitso cha sitiraka chikatuluka pamakhala mpata wofunsa kampani ya ndege za kusintha tsiku la ulendo, wouza alendo kuti adzere njira ina monga ya Addis Ababa kapena Johannesburg, ndi wochepetsa nsomba ndi ndiwo zamasamba zomwe zikadaitanitsidwa sabata imeneyo.