Kuthamanga malathoni m'nyengo yotentha kwambili

Malathoni ndi mpikisano wothamanga mtunda wa makilomita 42.195. Akatswili amautsiliza m'maola awili ndi mphindi zocepa, koma kunja kukatentha kwambili mpikisanowu umaika moyo wa wothamanga pangozi.

Munthu akamathamanga, minofu yake imatulutsa kutentha koculuka. Thupi, lomwe mwacibadwa limakhala pa madigili 37, limadziziziletsa potulutsa thukuta, ndipo thukutalo likamauma pakhungu limacotsa kutenthako. Koma mpweya ukakhala ndi cinyezi cambili, thukuta siliuma, limangoyendelela pathupi. Kutentha kwa m'thupi kukapitilila madigili 40, ubongo, impso ndi ciwindi zimayamba kuonongeka, ndipo munthu angathe kumwalila.

Izi zinaonekela poyela mumzinda wa Doha m'dziko la Qatar, pa mpikisano wa dziko lonse wa caka ca 2019. Pofuna kupewa dzuwa, okonza masewelo anayambitsa malathoni ya azimai pakati pa usiku. Ngakhale zinali telo, kutentha kunapitilila madigili 30, ndipo cinyezi ca mumpweya cinaposa mapelesenti 70. Mwa azimai 68 amene anayamba, 28 analephela kutsiliza, ndipo ena anacita kunyamulidwa ndi acipatala. Wopambana, Ruth Chepngetich wa ku Kenya, anatenga maola 2, mphindi 32 ndi masekondi 43.

Zocitika za ku Doha zinacititsa bungwe loyang'anila masewelo a Olympics kusamutsa malathoni ya masewelo a Tokyo kupita ku Sapporo, mzinda wa kumpoto kwa Japan. Komabe pamene mpikisanowo unacitika mu August 2021, ku Sapporo nako kunatentha, ndipo mwa amuna 106 amene anayamba, 30 sanatsilize.

Bvutoli ndi lakale. Pa masewelo a Olympics a ku Stockholm m'caka ca 1912, Francisco Lázaro wa ku Portugal anagwa m'njila tsiku lotentha, ndipo anamwalila m'mawa mwake.

Madokotala a zamasewelo amalangiza wothamanga kuzoloweza thupi lake ku malo otentha pang'onopang'ono kwa masiku 10 mpaka 14 mpikisano usanafike, kubvala zobvala zopepuka ndiponso kucepetsa liwilo. Madzi ndi ofunika, koma kumwa mopitilila muyeso kumacepetsa mcele m'magazi, zomwenso zingathe kupha.

Zizindikilo za ngozi ndi cizungulile, kudzandila, kusanza, kusokonezeka maganizo ndi kulankhula zosamveka. Munthu wotele saziwa kuti ali pangozi, motelo oyang'anila mpikisano ndi anzake ayenela kumuimitsa, ngakhale atakana. Cithandizo coyamba ndico kumuziziletsa pomwepo, pomuika m'madzi ozizila kwambili kapena kumuthila madzi thupi lonse, kenaka kupita naye kucipatala. Wodwala akaziziletsedwa m'mphindi 30 zoyambilila, mwai woti apulumuke umakhala waukulu.

Kuno ku Zambia, malangizowa ndi ofunika makamaka m'miyezi ya October ndi November, pamene kutentha kumakula, maka-maka m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, komanso cinyezi cimayamba kuculuka mvula ikayandikila.