Nyumba ya Mandala

Nyumba ya Mandala ndi nyumba yosanja yakale kwambiri mu mzinda wa Blantyre, ndipo masiku ano anthu amaonetseramo zojambula za luso. Inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, yomwe inkayendetsedwa ndi abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir, kuti muzikhala mabwana a kampaniyo.

Amisiri ake anaidziwa nyengo ya kuno. Makoma ake ndi ochindikala, ndipo khonde lalikulu, pansi ndi pamwamba pomwe, limatchinga dzuwa ndi mvula kotero kuti m'zipinda mumakhala mozizira bwino ngakhale mu Okutobala. Ophunzira za kamangidwe ka nyumba pa yunivesite ya MUBAS ku Chichiri ali ndi phunziro lalikulu pafupi pomwepa.

M'zipinda zapansi muli La Caverna, malo oonetsera ndi kugulitsa zithunzi zopenta ndi ziboliboli za amisiri a ku Malawi. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1946, yosunga mabuku, mamapu ndi zithunzi zakale za dziko lino.

Wachinyamata wa ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa amene amakonda kujambula ayenera kukafikako. Nyumbayi ili m'gulu la zipilala zotetezedwa ndi boma.