Chisomo ndi Malamulo a Mpingo Pakati pa Achewa a ku Tete

Mishoni ya Dutch Reformed inayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1909 inatsegula siteshoni ya Mphatso m'chigawo cha Tete. Amishoni ankalalikira kuti munthu amapulumuka ndi chisomo chokha, komabe mpingo unkamuyeza ndi malamulo: osamwa mowa, osakwatira mitala, osalowa gule wamkulu. Wolakwa ankaimitsidwa kudya mgonero. Lamulo la mitala linapweteka kwambiri amayi, poti mwamuna ankasiya akazi enawo kuti abatizidwe. Chinamwali anachisintha kukhala chilangizo, chophunzitsidwa ndi amayi a mumpingo. Apwitikizi atatseka mishoniyi ku Tete mu 1922, akulu ampingo anasunga mapemphero m'midzi, ndipo ofuna ubatizo ankadutsa malire a dziko.