Mbiri ya Kansomba Kokhala m'Cigoba ca Nkhono

Ife okhala ku minda ya tiyi ya ku Thyolo tizidziwa nsomba za m'nyanja ziri zouma. Kuyambira caka ca 1908, pamene tiyi anayamba kubzalidwa m'dziko lino la mapiri, anthu a nchito anacuruka, ndipo amalonda a njinga anali kutenga nsomba ku nyanja nadzagulitsa m'misika mwathu. Cotero usipa, utaka ndi cambo tiziyesa ndiwo basi. Koma m'nyanja momwemo muli kansomba kena, kabale kace ka cambo, kamene sitikaona pa msika. Utali wace ulingana ndi cala ca munthu, ndipo nyumba yace ndi cigoba ca nkhono yakufa. Mbiri ya umo anthu anakadziwira itikumbutsa mau a makolo akuti, kuona maso a nkhono nkudekha.

Anthu a ku nyanja anali nao maina a nsomba zao kale lomwe. Dzina lakuti mbuna, ndilo banja la kansomba kathu, linacokera kwa Atonga. Koma kulemba kwace m'mabuku kunayamba pamene David Livingstone anafika ku nyanja m'mwezi wa September 1859, pamodzi ndi sing'anga John Kirk. M'caka ca 1861 anabweranso ndi ngalawa, ndipo Kirk anasonkhanitsa nsomba ndi zigoba, nazitumiza ku Ulaya. Kumeneko Albert Günther analemba maina a nsombazo m'caka ca 1864, ndipo m'caka ca 1865 Heinrich Dohrn anapatsa nkhono yaikuru ya pamcenga dzina lakuti Lanistes nyassanus. Taonani tsono: nyumba inalembedwa dzina, koma mwini wace wokhalamo asanadziwike, pakuti cigoba couma ca pa gome sicinena za moyo wa pansi pa madzi.

Pambuyo pace Cuthbert Christy anasonkhanitsa nsomba zambiri m'zaka za 1925 ndi 1926. Mai wina wophunzira wa ku London, Ethelwynn Trewavas, anaziyang'anira imodzi imodzi mosatopa, ndipo m'caka ca 1935 anaonetsa kuti abale a cambo, amene Azungu awachula cichlid, ali mitundu yoposa zana m'nyanja yathu yokha. Lero ophunzira ayesa kuti iposa 700. Koma kansomba ka m'cigoba kanadikira kufikira anthu atapeza zobvala zomira nazo pansi pa madzi nthawi yaitali. M'caka ca 1976 Warren Burgess anakalemba dzina lakuti lanisticola, ndiko kunena, wokhala m'nkhono ya Lanistes. Zinapita zaka 111 cilembedwere dzina la nyumba yace.

Makhalidwe ace ndi awa. Pa mcenga palibe miyala yobisalamo, ndipo adani ndi ambiri. Cifukwa cace kansombaka sikapita kutali ndi cigoba cace, ndipo pakuona mdani kalowamo msanga. Mace wa ana asunga mazira m'kamwa mwace monga acitira cambo. Ku nyanja ya Tanganyika kuli abale ace ocepa koposa, monga uja George Boulenger anamchula multifasciatus m'caka ca 1906. Iwo aikira mazira m'cigoba mwenimweni, nakumba mcenga ndi pakamwa pozinga nyumba zao, nakhala ambiri pamodzi monga mudzi. Zigoba zikhalitsa m'nyanja ziwirizi cifukwa madzi ace ali ndi mcere wa laimu wosazisungunula msanga.

Nanga nsombazi zinafika bwanji m'nyumba za anthu? Nyumba yoyamba yoonetseramo nsomba zamoyo m'mabokosi a galasi inatsegulidwa ku London m'caka ca 1853. Patapita zaka zoposa zana, m'zaka za m'ma 1960, amalonda anayamba kutumiza mbuna zamoyo ku Ulaya ndi ku Amereka pa ndege, ziri m'matumba a madzi. Momwemo ana a ku maiko akutali anayamba kuona ndi maso ao tinsomba timene ana athu a ku Thyolo sanationa ndi kale lonse.

Mphunzitsi kapena mkuru wa pa mudzi wofuna kuonetsa ana zodabwitsazi akhoza kutero, akakhala wodekha. Bokosi la galasi la malita 40 likwanira tinsomba ta ku Tanganyika towerengeka. Koma kathu ka m'nyanja ya Malawi kafuna lalikuru koposa, pakuti kalimbirana malo ndi anzace. Pansi athire mcenga wotsuka bwino, naikepo zigoba zophika m'madzi owira, ziwiri kapena zitatu pa nsomba iri yonse, kuti zisamenyanirane nyumba. Asaiwale kuti dziko lokondweretsa tiyi silikondweretsa nsombazi. Tiyi akula pa nthaka yowawasa, ndipo madzi a m'mitsinje ya kumapiri asowa mcere uja wa laimu. Cotero aikemo zigoba zosinja kapena timiyala ta laimu. Ndiponso madzi a m'nyanja ndi ofunda, monga madigiri 24 kufikira 27. Tsono m'miyezi ya June ndi July, pakugwa ciperoni, pafunika kacipangizo kamagetsi kofunditsa madzi, ndi kena kakuwasefa masiku onse. Asafulumire kuikamo nsomba, koma madziwo ayende m'cosefera milungu inai, iye nathiramo kacakudya pang'ono, kuti tizirombo tosaoneka tocotsa ululu wa zonyansa tiyambe taswana. Pambuyo pace acotse limodzi la magawo anai a madzi mlungu uli wonse, nabwezeremo ena. Cakudya cikhale capang'ono, pakuti cotsala cibvunda ndi kupha nsomba.

Munthu wakucita izi aphunzira msanga kuti nkobvuta kutsanza ngakhale kadera kakang'ono ka nyanja. Nanga nyanja yeniyeni ikaonongeka, adzaikonza ndani? Kuyambira caka ca 1968 ngalawa za injini zakhala zikukoka makoka akuru pansi pa madzi kumwera kwa nyanja, pa mcenga ndi pa matope. Ndipo kansomba kathu sikadzimangira nyumba. Nkhono zikacepa, zigoba zicepa, ndipo ana ace agwa m'kamwa mwa adani. Boma linapatula malo a ku Cape Maclear ndi zisumbu zace m'caka ca 1980 kuti nsomba zisungike, ndipo m'caka ca 1984 maiko anawawerenga pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi. Kumeneko nkoletsedwa kugwira nsomba pafupi ndi miyala ndi zisumbu popanda cilolezo.

Ife a kumapiri tiri nalo gawo lathu, pakuti asodzi agwira cimene ife tigula. Tikakana kugula kasawala, ndiye cambo wosakula, tithandiza kuti makoka a maso ang'ono, amene akokolola zonse za pa mcenga, acepe m'nyanja. Ndipo tiuze ana athu kuti pansi pa madzi omwe atipatsa ndiwo pali midzi ya tinsomba, ndi kuti anthu anadekha zaka zoposa zana kuti aione.