Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Kuwerenga ndi Mitsinje ya Kwathu ku Thyolo

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Woiwala ndi munthu, ndipo n'chifukwa chake lero ndafuna ndikufotokozereni momwe anthu a kuno ku Goliati akhala akuphunzirira za mitsinje yawo, kuyambira pamoto wa madzulo kufikira m'mabuku.

Tiyambe ndi ulendo wa madziwo. Mvula ikagwa m'minda ya tiyi ndi m'midzi yathu, madzi amatsikira m'mitsinje monga Luchenza ndi Nsuwadzi, nakathera mu Ruo. Ruo amathira mu Shire pa Chiromo, ndipo Shire amakalowa mu Zambezi ku Mozambique. Choncho madzi athu sapita ku nyanja ya Malawi ayi. Amakakumana ndi madzi a nyanjayo kunsi, pakuti Shire amachokera m'nyanjamo ku Mangochi nadutsa nyanja ya Malombe. Munthu wodula mtengo ku Thyolo, tsono, amakhudza mnzake wa ku Nsanje amene sanamuonepo.

Kale buku la mtsinje linali pakamwa pa agogo. Ankatiuza za Napolo, chinjoka chotuluka m'phiri ndi madzi ndi miyala. Ankatiletsa kuphwasula chisa cha nantchengwa, mbalame ija yosaka achule m'mbali mwa madzi, namati wochita zotero amapenga. Mwambo umenewu unali mpanda: mtengo wokhala ndi chisa sunkadulidwa, ndipo mizu yake inkagwira gombe.

Zolembedwa zokhudza nthaka ndi madzi zinafika kuno ndi ukali. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linakhwimitsa malamulo a malimidwe: kuunda migula, ndi kusalima m'mphepete mwa mitsinje. Malangizowo sanali oipa, koma ankawerengedwa ndi mesenjala pabwalo la mfumu, ndipo wosamvera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu amene anali kale pa thangata m'maesiteti, malo achonde ali m'manja mwa azungu, anawaona ngati goli lina. Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka chipolowe, ndipo pakati pa madandaulo panali thangata, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi malimidwe omwewo. Phunziro lake n'lakuti mawu owerengedwa ndi chikoti salowa mumtima.

Titalandira ufulu zinthu zinasintha. Mu 1968 bungwe la National Library Service linayamba ntchito, ndipo chaka chomwecho Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko. Sukulu za kwacha zinasonkhanitsa amayi ndi abambo masana pansi pa mtengo kapena m'tchalitchi. Nyuzipepala ya Boma Lathu ndi magazini ya Za Achikumbi zinkayenda dzanja ndi dzanja, mmodzi akuwerenga mokweza, ena akumvetsera ndi kutsutsana. Nkhani ya migula, imene makolo anaikana pamaso pa mesenjala, ana awo anailandira ataiwerenga okha m'chiyankhulo chawo.

Kwa ana asukulu kunabwera makalabu a zachilengedwe. Bungwe lomwe linayamba mu 1947 ndi dzina loti Nyasaland Fauna Preservation Society, limene pambuyo pake linatchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi, linkatumiza ku makalabuwo magazini yotchedwa Nantchengwa. Taonani nzeru yake: mbalame imene agogo ankaiteteza ndi mwambo ndiyo inapatsa dzina pepala lophunzitsa adzukulu. Ife aphunzitsi tinkaona kuti mwana akawerenga za kukokoloka kwa nthaka Lachisanu, Lolemba ankabwera ndi nkhani ya madzi ofiira amene waona pa dooko. Buku linkamutumiza kumtsinje, mtsinje n'kumubwezera ku buku.

Komabe kuwerenga pakokha sikunathe njala ya malo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nkhalango ya phiri la Thyolo inagwetsedwa pafupifupi yonse, n'kutsala chidutswa cha ku esiteti ya Satemwa. Sindiweruza amene analima kumeneko, pakuti mimba ilibe tchuthi. Koma zotsatira tinaziona: mu Januwale 2015 Ruo anasefukira nazinga anthu a ku Makhanga, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakumwera. Mtsinje wa Tinkanena unatheradi mu Siizi.

Tsono pempho langa ndi ili. Musadikire galimoto ya bungwe kuti muyambe. Sonkhanani asanu kapena khumi Loweruka masana, bukhu limodzi likukwanirani. Mukawerenga, pitani kumtsinje wapafupi, mufunse agogo dzina lake ndi tanthauzo lake, nsomba zimene zinalimo, ndi mwezi umene unkaphwera. Lembani zonsezo m'kope, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, pakuti mabuku ofotokoza timitsinje ta ku Goliati adzalembedwa ndi inu. Mwana amene walemba dzina la mtsinje ndi dzanja lake sautayira zinyalala.

M'mera m'poyamba, adzukulu anga. Tsalani bwino, tidzacheza sabata yamawa pa miyambi ya asodzi.